Kutsata mapazi a Abambo Ahedi ku Kasungu

Lachinayi madzulo, Kasungu boma

Tafika bwino. Tinanyamuka ku Lilongwe cha m'ma 9 koloko m'mawa, ine ndi azakhali anga, alongo awo a malemu bambo anga. Minibasi inachedwa kudzadza, ndipo pa Mponela inaimanso nthawi yaitali kudikira anthu. Titawoloka Bua ndi kudutsa pa Chinkhoma, pomwe pali msika wa fodya, azakhali anasiya kulankhula. Ankangoyang'ana pawindo, manja ali pa chikwama. M'chikwamamo muli kolala yoyera ya agogo ndi buku lawo la mapemphero, lomwe chikuto chake anachita kusoka ndi ulusi wa thumba la feteleza.

Agogo aamuna, bambo a bambo anga, anali wansembe wa mpingo wa Anglikani komanso mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale kum'mawa kwa boma lino. Anamwalira ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chimene ndimakumbuka ndi fungo la choko m'jekete lawo, ndi mmene ankandikhazikira pamwendo n'kumandiwerengetsa zilembo za pa paketi ya tiyi. Zina zonse ndi zongomva. Bambo anga ankawatchula ngati munthu wopanda banga. Azakhali sawatchula kawirikawiri, ndipo akawatchula amati "ahedi", osati "ababa". Ndinawapempha kwa zaka ziwiri kuti andiperekeze kuno. Chaka chino avomera.

Tagona pa nyumba ya alendo pafupi ndi msika. Phiri la Kasungu likuoneka bwino kuchokera pakhonde. Kukutentha kwambiri, fumbi lili paliponse.

Lachisanu, Mtunthama

Lero tinakwera Sienta mumsewu wopita ku Nkhotakota. Kuchokera pa boma kufika pa Mtunthama ndi makilomita pafupifupi 30. M'madambo anthu anali kalikiliki ndi makheni kuthirira nazale za fodya, ena akugalauza minda kudikira mvula.

Pa Mtunthama aliyense amadziwa Kamuzu Academy, sukulu imene Kamuzu Banda anatsegula mu 1981, komwe ana amaphunzira mpaka Chilatini ndi Chigiriki. Tinaima panja pa geti, kenako tinapita kukaona mtengo wa kachere umene anthu amati m'pamene Kamuzuyo anayambira kuphunzira. Koma ife chimene tinadzera ndi mbali ya Anglikani: tchalitchi cha All Saints ndi chipatala cha St Andrew's, zomwe zili pansi pa Dayosizi ya Lake Malawi. Azakhali anaima pabwalo la chipatala n'kunena kuti, "M'nthawi yathu zonsezi kunalibe. Anglikani kuno tinkachita kuwerengana ndi zala."

Akunena zoona, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri. Dera la Kasungu linayamba kulimidwa ndi a mishoni ya Livingstonia, kenako linaperekedwa kwa a Nkhoma, n'chifukwa chake CCAP inazika mizu chonchi, kuyambira pa Chilanga. Mpingo wathu unali wa kunyanja. Amishonale a UMCA, bungwe la mishoni la Anglikani lochokera ku Britain, anafika koyamba pa Magomero mu 1861 ndi Bishopu Charles Mackenzie, amene anamwalira chaka chotsatira. Ntchitoyo inabwerera m'mbuyo mpaka ku Zanzibar, ndipo pamene inadzabwereranso inakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885, n'kumayenda pa sitima m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Kumtunda kuno Chianglikani chinabwera pamutu pa anthu: aphunzitsi, makalaliki, achipatala ndi ogwira ntchito m'maesiteti ochokera ku Likoma, ku Nkhotakota ndi ku Ntchisi.

Agogo anali mmodzi wa amenewo. Anabadwira pa Likoma, anabatizidwa m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903, anaphunzira uphunzitsi pa St Michael's College, ndipo anayamba ntchito ku Nkhotakota. Dziko litangolandira ufulu anawatumiza kumtunda kuno, kwa anthu osadziwa usipa wauwisi, okhulupirira nsima ya chimanga pamene iwo anakulira kondowole.

Titapuma pamthunzi, azakhali anandiuza nkhani ina imene sindinaimvepo. Mu 1968 boma linalamula kuti chinenero chizitchedwa Chichewa, osati Chinyanja, ndipo chikhale chinenero cha dziko. Agogo anakulira Chilikoma, momwe madzi ndi "maji", pamodzi ndi "pamoji", buku ndi "chikalakala". Tsono tangoganizani munthu wotere ataima kutsogolo kwa ana a kwa Mwase, eni ake Chichewa, kuti awaphunzitse chinenero chawo chomwe. Ana ankaseka m'manja. Azakhali akuti usiku uliwonse ankaitana mlonda wa pasukulu, munthu wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake, n'kumukhazika pampando kuti aziwakonza katchulidwe. Anachita zimenezi chaka chathunthu. Koma pa guwa, akafika pa mapemphero amene analoweza ali mwana, lilime linkabwerera lokha kunyanja, ndipo sanayese n'komwe kulibweza.

Loweruka, kumudzi

Kuchokera pa Mtunthama takwera njinga zamoto za kabaza kwa mphindi ngati makumi anayi. Sinditchula dzina la mudzi kapena la sukulu, poti anthu amene andiuza zakukhosi kwawo akadali komweko.

Tafikira kwa bambo wina wachikulire amene anali m'gulu loyamba la ana a agogo, ndipo pambuyo pake naye anadzakhala mphunzitsi mpaka kupuma. Atangoona azakhali anavula chipewa, n'kugwira dzanja lawo ndi manja awiri. "Ndinu mwana wa Abambo Ahedi inu? Nkhope ndi yomweyo." Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, mayi a pakhomo anabweretsa thobwa, ndipo nkhani inayamba isanafike 10 koloko mpaka dzuwa kupendeka.

Dzina lakuti Abambo Ahedi lili ndi chiyambi chake. Agogo atafika anali ahedi chabe. Sukulu sinali ya mishoni, inali ya boma. Lamulungu ankasonkhanitsa mabanja anayi kapena asanu a Anglikani m'kalasi la Sitandade 5, n'kumatsogolera mapemphero a m'mawa. Wansembe weniweni ankabwera mwa apo ndi apo, mwina miyezi itatu osalandira Mgonero. Vuto limeneli silinali la kuno kokha. Ansembe anali ochepa, ndalama zowalipira zinalinso zochepa, ndipo m'nthawi ya Bishopu Donald Arden mpingo unayamba kudzoza amuna okhulupirika amene anali kale pa ntchito zawo kuti azitumikira osalandira malipiro. Mu 1971 dayosizi inagawidwa pawiri, ndipo chigawo chino chinakhala m'manja mwa Bishopu Josiah Mtekateka, mwana wa pa Likoma, Mmalawi woyamba kukhala bishopu mu mpingowu. Agogo anadzozedwa m'zaka zimenezo. Anthu a CCAP oyandikana nawo ankawaitana kuti Abusa, a Anglikani ankati Abambo, ana a sukulu ankati Ahedi, mpaka maina awiri anangomatana.

Ndinafunsa kuti sabata yawo inkayenda bwanji. Bambo aja anawerenga pa zala. M'mamawa tambala wachiwiri akulira, mapemphero okha m'nyumba. Kenako kukaimba belu, lomwe linali limu la galimoto lopachikidwa pamtengo. Ankaphunzitsa okha Sitandade 8, masamu ndi Chingerezi, chifukwa sankafuna kuti mayeso otsiriza akhale m'manja mwa wina. Masana, zolembalemba za ofesi ndi milandu ya makolo. Madzulo, kalasi la okonzekera ubatizo ndi kulimbikitsidwa. Loweruka ankakwera njinga yawo ya Humber, kasoki ndi chikho zili m'katoni pa kaliyala, kupita ku timipingo ta m'maesiteti. Maliro akagwa pakati pa sabata, ankasiyira ana masamu pabolodi, kukaika munthu, n'kubwerera kudzachonga.

"Limu lija linali limodzi," anatero. "Likalira pakati pa sabata timadziwa kuti sukulu. Likalira Lamulungu timadziwa kuti Misa. Woimba yemweyo."

Nkhondo yawo yaikulu inali yosunga ana m'kalasi, ndipo adani anali atatu. Woyamba fodya. Nyengo yothyola ndi kusoka ikafika, ana a matenanti ankangosowa, kalasi n'kutsala theka. Agogo ankapita okha kuzigafa kukalankhula ndi akapitawo, nthawi zina n'kubwerako ndi ana awiri pa njinga, nthawi zina chimanjamanja. Wachiwiri fizi. Sukulu yaulere inabwera mu 1994, pamene chiwerengero cha ana a pulayimale m'dziko muno chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. M'nthawi yawo mwana wopanda fizi ankabwezedwa, ndipo wombweza anali ahedi omwewo amene Lamulungu ankalalikira za chifundo. Wachitatu anali dambwe.

Apa ndinatchera khutu kwambiri, chifukwa ndinkayembekezera kumva za ndewu. Mipingo yambiri inkalimbana ndi gule wamkulu maso ndi maso. Koma bambo aja, amenenso ndi wometa, anati agogo anatenga njira ina. Anapita kwa nyakwawa ndi nkhuku, anakhala pansi ngati mlendo, n'kupempha chinthu chimodzi: chinamwali cha anyamata chizichitika pa tchuthi, ndipo zilombo zisamadutse pabwalo la sukulu belu likalira. Iwo analonjeza kuti sadzanyoza gule pamaso pa ana. Panganolo linakhala mpaka anapuma ntchito. Akhristu ena anawanena kuti afewa. Ine ndikuona kuti anachita mwanzeru. Mlendo wochokera pachilumba akanabwera ndi mwano, sukulu ikanatsala ndi ana a aphunzitsi okhaokha.

Sindibisa mbali inayo. Ankakwapula. Bambo aja anandionetsa kumbuyo kwa mwendo, ngakhale chipsera chinazilala kalekale. Analakwa kuchedwa masiku atatu otsatizana, ndipo chimene chinkawachedwetsa n'chakuti mayi awo ankadwala, iwo ndiwo ankatunga madzi. Agogo sanafunse. Atamva pambuyo pake, anapita kunyumbako ndi ufa ndi shuga, anapempherera wodwalayo, koma mawu opepesa kwa mwana sanatuluke. "Masiku amenewo wamkulu sankapepesa mwana," anatero bambowo, "ufa uja ndiwo unali kupepesa kwake." Iwo anakhululuka. Ine zandiwawa, ndipo sindikufuna kuzipaka mafuta. Mwana wa zaka khumi wosenza ndowa m'bandakucha ankafunika kufunsidwa kaye.

Nkhani yonseyi azakhali anangokhala chete, akusenda mtedza.

Lamulungu

Misa inayamba mochedwerapo chifukwa wansembe anayamba kaye ku tchalitchi china. Mpaka lero mmodzi amayendera malo ambiri, kungoti tsopano ndi pa njinga yamoto. Katchalitchiko n'ka njerwa zootcha, malata ena atsopano ena adzimbiri. Maziko ake anakumba ndi agogo pamodzi ndi akhristu oyamba aja, njerwa anaumba ana a sukulu ndi makolo awo, ena mwa iwo a mipingo ina.

Amayi a Mothers' Union anali mu yunifolomu yawo ya buluu ndi yoyera. Mnyamata wina ankagwedeza lubani, utsi n'kumakwera kudutsa m'kuwala kolowera pa mpata wa malata. Pamene wansembe anati "Ambuye akhale nanu," ndinamva azakhali akuyankha pambali panga ndi mawu amphamvu, munthu amene ku Lilongwe sapita kutchalitchi kawirikawiri. Nyimbo zonse anaimba osayang'ana m'buku.

Pa zolengeza anatiimiritsa ngati alendo. Katekisiti atanena kuti ndife a banja la Abambo Ahedi, anafunsa kuti amene anaphunzitsidwa kapena kubatizidwa ndi iwo aimirire. Anaimirira anthu khumi ndi anayi, ndinawerenga. Ambiri ndi a imvi. Mayi wina anafuula kuchokera kumbuyo kuti, "Ine kalata yoyamba kwa amuna anga ku Joni ndinalemba ndekha chifukwa cha iwowo!" Tchalitchi chonse chinaomba m'manja, nthungululu zinamveka.

Titatuluka, bambo wina wovala bwino anabwera kudzagwada pamaso pa azakhali, munthu wamkulu ndithu, mawondo pafumbi. Anati anali mwana wamasiye, ndipo agogo anamutenga n'kumusunga pakhomo pawo zaka zinayi, kumulipirira fizi mpaka ku sekondale. Anagwira ntchito m'boma, ana ake onse anaphunzira. "Abambo ankakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Achemwali, ine ndinadya m'mbale yanu." Azakhali anamudzutsa, anamufunsa za ana ake mmodzimmodzi, anaseka naye. Koma pobwerera anayenda patsogolo okha, ndipo nsima ya masana sanaidye.

Usiku, tili pamphasa m'chipinda, nyali itazimitsidwa, anayamba okha.

Pakhomo pa ahedi pankakhala ana ogonera, nthawi zina asanu, nthawi zina asanu ndi atatu, ochokera kutali kapena opanda kwawo. Malipiro anali a uphunzitsi okha, unsembe unalibe kanthu kupatula nkhuku kapena lichero la mtedza la apo ndi apo. Amene ankalima munda wodyetsa khamu lonselo, kusinja, kuphika, kuchapa kasoki ndi nsalu za pa guwa, kulandira alendo a mpingo, anali agogo aakazi. Anthu ankawaitana kuti Amayi, ulemu unalipo, koma msana unali wawo. Chaka china anadwala kwa miyezi, ndipo ndalama za fizi sizinakwane ana onse. Panali anyamata awiri a m'nyumba, mwana wamasiye uja, ndi azakhali, amene anali mu Sitandade 7 ndipo ankakhala nambala wani kapena thu.

"Anandiitana mu ofesi, osati kunyumba. Anati, mwana wanga, upume chaka chimodzi uthandize amayi ako, chaka chamawa ubwerera. Chaka chamawacho sichinafike."

Ndinalibe choyankha. Bambo anga, amene anapitirira mpaka ku koleji, sanandiuzepo zimenezi. Mwina sankaziona n'komwe. Azakhali anati sadana ndi bambo wogwada uja, mwana analibe mlandu. Sadananso ndi bambo awo. Chimene chimawapweteka n'chakuti munthu amene ankapalasa njinga mtunda wautali kukalanda mwana wa eni kuzigafa za fodya, sanawoloke bwalo la nyumba yake kukatenga wake kukhitchini. Anaphunzira kusoka atakwatiwa, ndipo ndi makina osokera amenewo anaphunzitsa ana awo aakazi atatu mpaka onse kumaliza Fomu 4.

Tulo sitinabwere msanga. Kutali kunkamveka ng'oma.

Lolemba

M'mawa tinapita kusukulu. Mphunzitsi wamkulu wa panopa ndi mayi, wa msinkhu wanga. Ana ndi ochuluka kwambiri, makalasi ena amaphunzirira pansi pa mitengo. Limu likadalipo. Akuti mtengo woyamba unagwa ndi mphepo, analisamutsira pa wina.

Mayiwo anatsegula kabati yachitsulo n'kutulutsa mabuku akale, ena odyedwa ndi chiswe m'mphepete. Munali logibuku ndi kaundula wolembamo ana olowa sukulu. Ndinazindikira zolemba za agogo nthawi yomweyo, chifukwa n'zofanana ndi za m'buku la mapemphero lija: zilembo zopendekera kumanja, za inki ya buluu, zosadumpha mzere. Mu logibuku analemba zinthu za tsiku ndi tsiku. Denga la kalasi lasasuka ndi mphepo. Choko chatha. Woyendera sukulu wabwera. Sukulu yatsekedwa chifukwa cha maliro a nyakwawa. Za iwo eni palibe paliponse, ngakhale sabata imene anadzozedwa unsembe analemba kuti mphunzitsi wamkulu wachokapo masiku anayi, wachiwiri wake agwirizira.

Kaundula ali ndi danga kumapeto lolembamo chifukwa chimene mwana wasiyira sukulu. Agogo sankalisiya lopanda kanthu. Wasamuka ndi makolo. Wakwatiwa. Fizi. Wapita kuesiteti. Wamwalira. Tsamba ndi tsamba, mazana a maina, ndipo pena pambali pa dzina analembapo ndi pensulo kuti wabwerera, n'kudula mzere pansi kawiri.

Azakhali anavala magalasi n'kuyamba kutsegula okha masamba, kunyowetsa chala ndi malovu. Anadzipeza. Dzina lawo, tsiku lobadwa, dzina la kholo ndi ntchito yake, zonse m'zolemba za bambo awo. Tsiku losiyira sukulu linalembedwa. Danga la chifukwa linali loyera. Tinayang'ana tsamba lonselo ndi lotsatira lake, ndipo dzina lawo lokha ndilo linalibe chifukwa.

Anakhala nthawi yaitali chala chili pamenepo. Mphunzitsi wamkulu uja anatuluka mwakachetechete kukaona ana. Kenako azakhali anati, "Analephera kulemba." Anavula magalasi, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kundiuza kuti ndijambule tsambalo pa foni kuti akaonetse ana awo.

Masana tinapita kumanda, kuseri kwa tchalitchi. Agogo anakana kukaikidwa ku Likoma, anati anthu awo ali kuno. Agogo aakazi agona pambali pawo. Mtanda wa simenti wa agogo aamuna uli ndi maudindo onse awiri, wa agogo aakazi uli ndi dzina ndi zaka basi. Tinabwereka makasu awiri n'kulambula. Azakhali anayamba ndi manda a mayi awo, anazula udzu ndi manja mozungulira mtanda, kenako anasamukira kwinako. Katekisiti anapemphera mwachidule. Kolala ija anaitulutsa m'chikwama n'kumupatsa kuti isungidwe m'tchalitchi. Buku la mapemphero anabweza m'chikwama.

Lachiwiri, pa depoti ya Kasungu

Tikudikira basi ya ku Lilongwe. Mayi a pakhomo pamene tinagona atipatsa thumba la mtedza ndi nkhuku yamoyo, yomwe ili pansi pa mpando miyendo yomanga. Mphunzitsi wamkulu uja wanditumizira uthenga kuti kabati ija ikudontheredwa nthawi ya mvula, ndipo ndamulonjeza bokosi lachitsulo lotseka bwino mwezi uno usanathe.

Azakhali agula mabanzi awiri ndi Fanta. Andifunsa ngati Ilala imaimabe pa Likoma, ndipo ndawauza kuti inde, tikhoza kukakwerera ku Nkhata Bay. Iwo sanapondepo pachilumbacho chibadwire. Akuti ndifufuze mtengo wa tikiti, tipite mvula ikatha, akaone pamene ababa anabatizidwira.